Huseng Batute ndi ndakatulo zake 4,000: linali luso kapena ganyu ya m'nyuzipepala?

Tadala: Moni nonse pa gulu pano. Sabata ino ndi ine wobweretsa mlakatuli wa kunja, ndiye ndatenga wa ku Philippines, José Corazón de Jesús, amene kwawoko amadziwika kwambiri ndi dzina lolembera lakuti Huseng Batute. Anabadwira mu mzinda wa Manila chapakati pa zaka za m'ma 1890, anakulira ku Santa Maria m'chigawo cha Bulacan komwe kunali kwawo kwa bambo ake, ndipo anamwalira pa 26 Meyi 1932 asanafike zaka 40. Bambo akewo, a Vicente de Jesús, anali dokotala, ndipo anafika pokhala mkulu wa nthambi ya zaumoyo m'boma la atsamunda a ku America. Mwanayo anaphunzira ku Liceo de Manila, kenako zamalamulo mpaka kutenga digiri mu 1920, koma ya uloya sanaigwire n'komwe. Nyuzipepala yotchedwa Taliba, yolembedwa m'Chitagalog, chilankhulo cha anthu a ku Manila ndi madera ozungulira, inali itamutenga kale. Anali ndi gawo lake m'menemo lotchedwa Buhay Maynila, ndipo ankalilemba lonse m'ndakatulo: zochitika mu mzinda, andale, atsamunda, makhalidwe a anthu. Ndakatulo zomwe zinatuluka m'gawo limeneli ndi pafupifupi 4,000. Ndiyenso mwini mawu a nyimbo ya Bayan Ko, yomwe Afilipino ambiri amaitenga ngati nyimbo yachiwiri ya fuko lawo. Ndiimire pompa kaye kuti akuluakulu alankhulepo.

Bambo Mwale: Zikomo mwanangu Tadala. Ine chiwerengerocho ndi chomwe chandiimitsa. Kuchoka mu 1920 kufika mu 1932 ndi zaka 12. Mukagawa 4,000 ndi zaka zimenezo mupeza kuti munthuyu ankatulutsa ndakatulo pafupifupi tsiku lililonse. Ine ndayamba kulemba ndili mnyamata, ndipo chomwe ndikudziwa n'chakuti ndakatulo yabwino imafuna uigoneke, uidzutsenso pakapita nthawi, uichotse zosafunika. Wolemba mkonzi ali naye pakhosi amakhala akugwira ganyu. Ganyu sindiinyoza, ndi yomwe imadyetsa ana, koma tisaitche luso lalikulu chifukwa choti yachuluka.

Bambo Zulu (Chipata): A Mwale, pamenepo ndiye ndikukanani. Ine ndinapuma ntchito ndili wowerenga zolakwika pa nyuzipepala ina, ndipo olemba a tsiku ndi tsiku ndinawaonera pafupi. Dzuwa likamalowa, tsamba lanu limakhala likudikira ndi malo oyezedwa kale. Mukapitirira ndi mizere iwiri, mkonzi amadula ya kumunsi osakufunsani, chifukwa makina sadikira munthu. M'moyo umenewo ndinaona anthu a mitundu iwiri. Wina amayamba ndi moto, pakatha miyezi ingapo wayamba kudzibwereza, makalata a owerenga aleka kubwera, gawo lake laperekedwa kwa wina. Wina ndiye amanoleka. Amaphunzira kuika mfundo yake mu mzere woyamba, amadziwa mawu omwe angadulidwe ndi omwe sangadulidwe, ndipo khutu lake limakhala pa msika ndi m'basi nthawi zonse chifukwa mawa akufunikanso cholemba. Wogula nyuzipepala sachita manyazi, akatopa nanu amangotembenuza tsamba. Ndiye munthu amene anasunga gawo lake zaka zonsezo m'nyuzipepala yogulitsa, ine ndimamuvulira chipewa ndisanawerenge n'komwe.

Bambo Mwale: Kusunga owerenga ndi luso ndithu a Zulu, koma ndi luso la mtolankhani.

Mayi Nabanda: Ndilowererepo ngati mphunzitsi. Kuti timvetse liwiro la munthuyu tiyenera kuona kaye ndakatulo ya Chitagalog ya nthawi imeneyo momwe inkamangidwira. Inali ndi muyeso wake wokhwima. Wodziwika kwambiri ndi wa maphatikizo 12 pa mzere uliwonse, mizere inayi pa ndime, ndipo mizere yonse ya m'ndimemo imathera pa mamvekedwe ofanana. Ndi momwe Francisco Balagtas analembera Florante at Laura, ndakatulo yaitali yomwe ana a sukulu kumeneko amaphunzira mpaka lero. Mwana amene wakula akumva muyeso umenewu m'nyimbo za kutchalitchi, m'masewero ndi pa miyambo, amakhala nawo m'thupi. Zili ngati woumba njerwa amene chikombole chake chili kale m'manja: nthawi yake sathera poganiza kukula kwa njerwa, amaithera posankha dothi. Ndiye ndakatulo pa tsiku si chinthu chodabwitsa kwa munthu wotere. Funso loyenera ndi lakuti ankaikamo chiyani.

Bambo Mwale: Mayi, ndiye vuto lakenso lili pomwepo. Zotuluka m'chikombole chimodzi zimafanana zonse.

Mayi Nabanda: Zimafanana kukula kokha bambo. M'muyeso womwewo analembamo zonyogodola andale, za chikondi, za imfa, za tambala wa mpikisano. Muli ndakatulo yake ina yotchedwa Ang Manok Kong Bulik, ya munthu amene anakaluza ku juga ya atambala. Ina, Ang Pamana, ndi ya mayi amene akuuza mwana wake za chuma chomwe adzamusiyire akadzamwalira, mwanayo n'kukana kuti iye chomwe akufuna ndi mayi akewo. Zimenezi sizikoma mofanana.

Yamikani: Pepani akuluakulu, ine ndikufuna ndimve za ufumu uja. Achemwali a Tadala anandinong'oneza kuti ankatchedwa mfumu. Mfumu ya chani?

Tadala: Mfumu ya Balagtasan, mphwanga. Nkhani yake ili chonchi. Kumapeto kwa Malichi 1924 alembi a Chitagalog anakumana ku Instituto de Mujeres, sukulu ya atsikana ya mayi Rosa Sevilla ku Tondo mu Manila, kukonzekera chikumbutso cha tsiku lobadwa la Balagtas, amene anabadwa pa 2 Epulo 1788. Anagwirizana zoti achite chinthu chatsopano: mtsutso wa pa nsanja, koma wonse wolankhulidwa m'ndakatulo. Anautcha Balagtasan pomulemekeza Balagtas. Woyamba unachitika pa 6 Epulo 1924 pa sukulu pomwepo. Panali alakatuli awiriawiri magulu atatu, koma omwe anasangalatsa anthu koposa ndi De Jesús ndi Florentino Collantes. De Jesús anali gulugufe, Collantes anali njuchi, ndipo ankalimbirana duwa lonunkhira lotchedwa kampupot, aliyense akupereka zifukwa zoti duwalo ndi lake. Pakati pamakhala wogwirizira mtsutso, amene amatchedwa Lakandiwa, naye amalankhula m'ndakatulo. Anthu anaukonda kwambiri moti awiriwa anakumanitsidwanso pa 18 Okutobala 1925 ku Olympic Stadium mu Manila. Kumeneko ndi komwe De Jesús anavekedwa ufumuwo, ndipo anakhala nawo mpaka imfa yake.

Limbani: Kuwonjezera pa zomwe anena a Tadala, Balagtasan sinangogwa kumwamba. Muzu wake ndi masewera akale otchedwa duplo, omwe ankachitika pa maliro, anthu akamachezera ndi ofedwa. Mmodzi amakhala mfumu n'kulengeza kuti mbalame yake yasowa, kenako n'kuloza wina kuti ndiye waiba. Wolozedwayo amayenera kudziteteza m'ndakatulo, kapena kukankhira mlanduwo kwa mnzake, mpaka usiku kufupika. Zomwe anachita alembi a mu 1924 ndi kuchotsa masewerawa pa siwa n'kuwaika pa nsanja ya mu mzinda. Anthu a zilankhulo zina m'dzikomo anatengera: a Chiilocano ali ndi Bukanegan, a ku Pampanga ali ndi Crissotan, aliyense kutchula dzina la mlakatuli wakwawo.

Yamikani: Ndiye ankangopeka pompo ngati freestyle?

Tadala: Wa pa 6 Epulo uja ndakatulo zake zinakonzedwa pasadakhale, iwo n'kuziloweza. Chomwe chinakopa anthu chinali kalankhulidwe. De Jesús ankadziwika ndi mawu ake okoma ndi maonekedwe ake pa nsanja, n'chifukwa chake a kanema anadzamufunanso pambuyo pake.

Bambo Mwale: Taonani tsono. Dziko lili m'manja mwa America, anthu anafa ambirimbiri pa nkhondo ya 1899 mpaka 1902, ndiye alakatuli awiri akuluakulu akuvala ugulugufe ndi unjuchi kukanganirana duwa. Ine zimenezi zimandipweteka mtima. Mlakatuli wa dziko lolandidwa ali ndi ngongole kwa anthu ake.

Limbani: Bambo Mwale, ngongoleyo ndikuivomereza, koma tiyeni tione nthawi yomwe anthuwa ankakhalamo. Spain inapereka Philippines kwa America pa pangano la ku Paris la pa 10 Disembala 1898, America n'kulipira madola 20 miliyoni, eni dziko osafunsidwa. Mu 1901 atsamunda atsopanowa anaika lamulo loletsa kulimbikitsa ufulu wodzilamulira, kaya polankhula kaya polemba. Mu 1903 Aurelio Tolentino anamangidwa chifukwa cha sewero lake la pa nsanja. Kuyambira mu 1907 mpaka 1919 kukweza mbendera ya Philippines unali mlandu. De Jesús anakula akuona zonsezi. Komanso mu Ogasiti 1901 munafika aphunzitsi oposa 500 ochokera ku America pa sitima yotchedwa Thomas, ndipo kuyambira pamenepo sukulu za boma zinkaphunzitsa m'Chingerezi. Ophunzira akale ankanyadira Chisipanishi, ana awo ankanyadira Chingerezi. Chitagalog chinatsalira amayi a pa msika, oyendetsa ngolo ndi antchito a m'mafakitale a fodya. Ndiye mwana wa dokotala, wa digiri ya zamalamulo, amene akanatha kudya bwino m'zilankhulo ziwiri za akuluakuluzo, anasankha chachitatucho moyo wake wonse. Ndipo khamu linkapita ku bwalo la masewera kukamvera Chitagalog chikulankhulidwa mwaluso. Kwa ine nkhani ya pa nsanja paja inali imeneyi, duwalo linali pongoyambira.

Mayi Nabanda: Ndipo sikuti anangothera pa maluwa. Mu 1928 anatulutsa ndakatulo yaitali, Sa Dakong Silangan, yolembedwa ngati nthano ya mafumu ndi ana aakazi a mafumu. Muli mfumu ya dzikolo yotchedwa Pilipo, mkazi wake Malaya, ndi mfumu yachilendo yadyera yotchedwa Samuel. Palibe wowerenga wa nthawi imeneyo amene akanalephera kuzindikira kuti Samuel ameneyu ndi Uncle Sam, dzina loimira dziko la America. Anatenga nthano zomwe agogo ankawerengera adzukulu n'kubisamo mkwiyo wa dziko.

Bambo Mwale: Imeneyo ndiye ndakatulo yomwe ndingafune kuiwerenga. Koma onani kuti ndi yaitali, yokonzedwa modekha. Ikugwirizana ndi mfundo yanga.

Bambo Zulu (Chipata): Yalembedwa ndi dzanja lomwelo a Mwale, m'zaka zomwezo akuthamangitsana ndi mkonzi. Mphamvu yoilembera anaitenga kuti?

Chikondi (Leeds): Moni makolo ndi abale, ndangoweruka kumene. Ine za miyeso ya ndakatulo sindizidziwa, koma kuno timagwira ntchito ndi anamwino ambiri a ku Philippines, ndiye nditaona uthenga wa a Tadala usiku ndinafunsa mayi wina wachikulire amene tinali naye pa shifiti. Tinali m'kachipinda komwera tiyi, odwala atagona. Nditangotchula Bayan Ko anaika kapu pansi, n'kuyamba kuiimba motsitsa mawu kuti asadzutse anthu. Atafika pakati anakweza dzanja, chala chachikulu ndi cholozera atazitambasula ngati chilembo cha L. Anandiuza kuti umu ndi momwe ankachitira pa msewu mu 1986 ali mtsikana wa ku koleji. Maso anali atadzaza misozi. Ndiye ndinawafunsa kuti analemba ndani. Anayankha kuti ndi woimba wotchuka Freddie Aguilar. Nditatchula Huseng Batute anati dzinalo akulidziwa bwino, anaphunzira ku sukulu kuti ndi mfumu ya Balagtasan, koma zoti mawu a nyimboyi ndi ake anali asanazilumikize.

Yamikani: Eee, zomvetsa chisoni. Nyimbo yako ikuliza anthu koma dzina lapita kwa wina.

Tadala: Mbiri yake ndi yaitali achemwali a Chikondi. Mawu a Chitagalog analemba De Jesús cha mu 1929, chuni n'kupeka Constancio de Guzmán. Nthawi imeneyo inkanena za America. Fanizo lake lalikulu ndi la mbalame: ngati mbalame yomwe imalira ikatsekeredwa m'khola, nanga dziko lokongola chotere lingaleke bwanji kufuna kumasuka? Mwini wake anamwalira ufulu asanauone, chifukwa America inachoka pa 4 Julayi 1946. Kenako Ferdinand Marcos ataika dziko pansi pa ulamuliro wa asilikali mu Seputembala 1972, nyimbo ija inadzukanso, tsopano ikuloza wolamulira wakwawo komweko, ndipo boma linkaiona ngati youkira. Freddie Aguilar anaijambula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Benigno Aquino, mtsogoleri wa otsutsa Marcos, ataphedwa pa bwalo la ndege la Manila pa 21 Ogasiti 1983, inaimbidwa pa maliro ake. Ndipo pa 22 mpaka 25 Febuluwale 1986, anthu atadzaza msewu wa EDSA mpaka Marcos kuthawira ku Hawaii, ndi imene inali pakamwa pawo. Chilembo cha L chomwe munaona chinali chizindikiro cha otsutsa boma masiku amenewo.

Bambo Mwale: Nkhani ya a Chikondi yandikhudza, ndipo nyimboyo ndikuilemekeza. Koma tiwerengere bwino. Yakhalitsa chifukwa cha chuni cha de Guzmán, mawu a Aguilar, ndi magazi a Aquino. Mukachotsa zitatuzi, mawu okhawo akanafika mu 1986? Ndipo ngakhale titaipereka yonse kwa De Jesús, ndi imodzi. Zinzake 4,000 zija zili kuti? Zinakulungira nsomba mawa lake.

Bambo Zulu (Chipata): Zambiri zinatha ndi tsiku lake, zoona, ndipo zinalembedwera tsiku lomwelo. Ndakatulo yodzudzula khansala wakuba ikawerengedwa m'mawa anthu n'kuikambirana masana, yagwira ntchito yake. Koma chomwe ndikukana ndi kuganiza kuti imodzi ija ikanabadwa popanda zinzakezo. Taonani momwe a Tadala afotokozera fanizo lake. Mbalame, khola, kulira. Mulibe chovuta, mwana wa sitandade 3 amva, pulofesa amvanso. Kulemba mophweka chotero osagwera m'zachibwana kumabwera kwa munthu amene wakhala akulankhula ndi anthu wamba m'mawa uliwonse kwa zaka, akuona zomwe zikuwafika pamtima ndi zomwe zikungowadutsa. Komanso sanatchulemo America. Munthu wa m'nyuzipepala wa nthawi ya atsamunda ankadziwa kufika pa mfundo osatchula dzina, ndipo n'chifukwa chake nyimboyo inadzakwanira Marcos patapita zaka zoposa 40 osafunika kuilembanso.

Mayi Nabanda: Komanso si imodzi bambo Mwale. Iye ankalembera mawu akatswiri opeka nyimbo a nthawi yake. Kuli mtundu wa nyimbo wotchedwa kundiman, nyimbo za chikondi zoyenda pang'onopang'ono, zomwe kawirikawiri zimayamba mwachisoni n'kudzatseguka chakumapeto. Nicanor Abelardo ndi Francisco Santiago ndi omwe anaukweza mtundu umenewu mpaka kufika m'sukulu za nyimbo. Kundiman ng Luha ya Abelardo mawu ake ndi a De Jesús. Pakiusap ndi Madaling Araw za Santiago, chimodzimodzi. Zimenezi oimba ophunzira a ku Philippines akuimbabe. Ndipo mu kundiman, mkazi amene woimba akumudandaulira nthawi zambiri omvera ankamumva ngati dziko lawo. Ndiye munthu amene anazolowera kulemba za wokondedwa wosafikirika sanavutike kulemba za dziko lolandidwa.

Bambo Mwale: Chabwino, zachuluka kuposa imodzi. Koma ndisaoneke ngati ndine ndekha woganiza chonchi. Afilipino eni ake anatopa nako kalembedwe kameneka. Pasanathe zaka 10 De Jesús atamwalira, alembi achinyamata anaukira. Alejandro Abadilla anatulutsa Ako ang Daigdig mu 1940, ndakatulo yopanda muyeso wa maphatikizo, yopanda kufananiza mathero a mizere, mawu ochepa ouma. Ankakana zomwe ndikukana inezi: misozi yambiri, mawu otsekemera, ndakatulo yolembedwera kuomberedwa m'manja. Ndakatulo ya Chifilipino ya masiku ano inadzera njira ya Abadilla.

Limbani: Kuukirako kunachitikadi. Koma taonani amene anadzasonkhanitsa ndakatulo za De Jesús n'kuzitulutsa m'buku mu 1984: Virgilio Almario, mlakatuli wa kalembedwe katsopano, amene analembanso buku lofotokoza mkangano womwewu wa otsatira Balagtas ndi a zamakono, ndipo mu 2003 anapatsidwa ulemu wa boma wa National Artist. Munthu wa mbali ya Abadilla anabwerera ku nyuzipepala zakale zija kukasankhamo, chifukwa anaona kuti muli zofunika kusunga. Lero ku Cultural Center of the Philippines ku Manila kuli chipinda cha zisudzo chotchedwa Tanghalang Huseng Batute. Anasankha dzina la m'nyuzipepala lija, osati la pa digiri.

Bambo Mwale: Mawu oti "kukasankhamo" ndawamva achimwene. Ndi ntchito yomwe mwini wake akanayenera kuigwira akadali moyo.

Chikondi (Leeds): Koma bambo Mwale, munthuyu anafa asanakalambe. Nthawi yosankha akanaipeza kuti? Anamwalira ndi chiyani kodi a Tadala?

Tadala: Zilonda za m'mimba. Cha mu 1930 anasewera mu kanema wotchedwa Oriental Blood pamodzi ndi Atang de la Rama, woimba wotchuka wa nthawiyo, ndipo matendawa amanenedwa kuti anamuyamba pa nthawi yojambulayo. Anasiya mkazi, Asuncion Lacdan, ndi ana atatu. Mmodzi wa anawo, José Corazón de Jesús Jr., anadzakhala wosewera m'makanema. Chinthu china chodabwitsa n'chakuti atamwalira mtima wake unachotsedwa n'kukasungidwa ku nyumba ya boma yosungiramo zinthu zakale, mpaka pamene unadzaikidwa m'manda limodzi ndi mayi ake. Thupi linaikidwa ku Manila North Cemetery pansi pa mtengo, potsatira zomwe analemba yekha m'ndakatulo monga Isang Punong Kahoy, momwe amadziyerekeza ndi mtengo wouma.

Chikondi (Leeds): Masiku ano zilonda za m'mimba timazichiza ndi mankhwala akumwa kwa masabata ochepa. Kalelo kunalibe, ndipo chilonda chikaboola kapena chikayamba kutaya magazi, munthu ankapita msanga. Zandimvetsa chisoni kwambiri.

Yamikani: Ine ndibwerere ku mtsutso uja chifukwa ndi komwe mtima wanga uli. Amene mumaonera YouTube mukuidziwa FlipTop, mpikisano wa rap wa ku Philippines womwe unayamba mu 2010. Anyamata awiri pakati pa khamu, popanda zoimbira, akulasana m'Chitagalog, ndipo makanema awo amaoneredwa ndi anthu mamiliyoni. Ambiri amati ndi Balagtasan ya masiku ano. Kwa ine zimenezi zikuyankha funso la bambo Mwale kuposa mabuku. Chomwe De Jesús anasiya ndi chizolowezi choti anthu wamba asonkhane, akhale chete, amvere anthu awiri akulimbana ndi mawu a chilankhulo chawo.

Mayi Nabanda: Mwanangu Yamikani, ndinaonerako pang'ono kwa mdzukulu wanga. Luso lilipo, sindikana. Koma pali kusiyana kwakukulu. Mu Balagtasan mumatsutsana pa mutu, ndipo Lakandiwa amaonetsetsa kuti musachoke pa mutupo. Mnzako umamugonjetsa ndi zifukwa zovekedwa bwino. Zomwe ndinaona ine ndi kunyozana nkhope, makolo ndi umphawi wa munthu. Komanso rap imeneyo inachokera ku America, sinachokere ku duplo. Tisawapatse agogo omwe si awo.

Yamikani: Kuchokera inachokeradi ku America mayi, koma bwanji inakagwira mwamphamvu chonchi ku Philippines, m'chilankhulo chawo, kuposa maiko ambiri ozungulira? Nthaka inali yolimidwa kale. Ndipo kunyogodola sikunayambe ndi ife. Pajatu kuli mtundu wina wa mtsutso wa ndakatulo wotchedwa Batutian, wotengera dzina la Huseng Batute yemweyu, ndipo umadziwika ndi nthabwala ndi kutonzana.

Mayi Nabanda: Kutonzana kwa anthu odziwa malire. Koma mfundo yako ya nthaka ndiyolemera, ndiiganizira.

Bambo Zulu (Chipata): Chimodzi chomwe sitinachikhudze ndi maina. Kupatula Huseng Batute, ankalembanso ndi maina ena ambiri, monga Pusong Hapis, Paruparo ndi Anastacio Salagubang, ndipo anali ndi gawo linanso lotchedwa Ang Lagot na Bagting momwe munatuluka zolemba pafupifupi 800. Kwa ife a m'nyuzipepala izi n'zodziwika. Munthu mmodzi akamadzaza malo angapo m'pepala limodzi, mkonzi safuna dzina limodzi lioneke paliponse. Komanso dzina lililonse limakupatsa khalidwe lake: ili ndi lolira, ili ndi loluma, ili ndi loseketsa. A Mwale mukuona ngati munthuyu ankabwereza chinthu chimodzi. Ine ndikuona munthu amene anafunika maina ambiri chifukwa mawu ake sankakwana m'dzina limodzi.

Bambo Mwale: A Zulu, inu ndi ine tikufuna zinthu zosiyana kwa mlakatuli. Inu mukufuna akhale pakati pa anthu tsiku lililonse. Ine ndikufuna achokepo nthawi zina, akakhale payekha, abwere ndi chinthu chomwe anthuwo sanachiyembekezere. Pa kulimba mtima kwake posankha Chitagalog, ndilibe mawu otsutsa. Pa Bayan Ko, ndamva zomwe mwanena za kusatchula dzina la mdani, ndipo ndi mfundo yabwino kuposa zonse zomwe zanenedwa lero. Koma achinyamata a pa gulu pano asatengepo phunziro loti kuponya ndakatulo pa Facebook m'mawa uliwonse ndiye njira. De Jesús anali ndi muyeso wokhwima womugwira dzanja, mkonzi womudula, ndi khamu lomuweruza pamaso. Wa pa foni alibe chilichonse mwa zitatuzi.

Yamikani: Khamu ndiye tili nalo bambo, limaweruza mopanda chisoni. Mkonzi ndi amene tilibe.

Chikondi (Leeds): Ine ndatsala ndi funso limodzi ndisanagone. Nanga njuchi uja, Collantes, zinamuthera bwanji? Tangomusiya pa bwalo la masewera atagonja.

Tadala: Sanasiye achemwali. Iyenso anali wa ku Bulacan, tauni ya Pulilan, ndipo ankalemba ndi dzina lakuti Kuntil Butil. Anapitiriza Balagtasan, ndipo amakumbukiridwa ngati mfumu yake yachiwiri. Ndakatulo yake yotchuka ndi Ang Lumang Simbahan, ya tchalitchi chakale, yomwe inadzasanduka kanema. Ankalembanso zonyogodola andale. Iye anakhala ndi moyo mpaka mu 1951, ndiye anaona zomwe mnzake sanaone: Chitagalog chikusankhidwa mu 1937 kukhala maziko a chilankhulo cha dziko lonse, nkhondo ya Japan, ndi ufulu wa mu 1946.

Limbani: Zikomo a Tadala, mwatigwirira ntchito. Sabata yamawa pa ndandanda pali bambo Mwale.

Bambo Mwale: Ndibweretsa Abadilla, tisachoke ku Philippines nkhaniyi ili pakati. A Zulu ndi mayi Nabanda mukhalepo, chifukwa mbali yomwe mwaikira kumbuyo lero ndi imene iye ankalimbana nayo.